Momwe mungayezetsere oyilo wa pikapu ya dizilo yongoyenda timaulendo ta m'tauni

Pikapu yanga ndi ya dizilo, zija za ex-UK, koma ntchito yomwe imagwira si ya pikapu ayi. M'mawa kuchoka ku Area 47, kusiya ana pasukulu, kulowa m'tauni, kuzimitsa. Madzulo chimodzimodzi kubwerera. Ulendo umodzi sukwana n'komwe makilomita 10 ndipo nthawi yambiri ndimakhala ndaima pa jamu injini ikungolira. Tsiku lina ndikuyang'ana oyilo ndinapeza wakwera kudutsa kachizindikiro ka pamwamba pa dipisitiki, chonsecho ine sindinathiremo ngakhale dontho. Oyilo sabereka abale anga. Akachuluka yekha ndiye kuti muli china chikulowamo, ndipo nditanunkhiza ndinamva fungo la dizilo. Kuyambira pamenepo ndimatumiza oyilo ku labu, ndiye ndati ndikuyendetseni momwe zimakhalira kuyambira pa botolo mpaka pa lipoti, chifukwa ambirife tikuyendetsa magalimoto a dizilo chonchi kumaona ngati tikuwasamala poti sakupita kutali.

Kaye timvetsetsane chomwe tikufuna labu itiuze. Injini ya dizilo imachedwa kutentha, ndipo kageji kaja ka pa dashibodi kamayeza madzi osati oyilo, oyilo amabwera m'mbuyo. Kuti chinyontho chomwe chimalowa m'sampu, poto uja wa pansi pa injini mokhala oyilo, chiphwe pafunika oyilo afike cha m'ma digiri 80 mpaka 100 n'kukhalitsa pamenepo, koma inu mukufika pa ofesi iye akungoyamba kumene kufunda. M'miyezi ya Juni ndi Julayi ndiye zimanyanya. Injini ikakhala yozizira dizilo sapsa yense, wina amatsetsereka m'mbali mwa masilinda kudutsa maring'i kukagwera mu oyilo, mwaye nawonso chimodzimodzi. Ndiye ngati galimoto yanu ili ndi DPF, kasefa kaja ka mu ekizozi kogwira mwaye komwe ma ex-UK ambiri amabwera nako, nkhani imakula. DPF ikadzadza injini zambiri zimapopera dizilo woonjezera mochedwa kuti akatenthetse ekizozi awotche mwayewo, ndipo gawo la dizilo ameneyo limathera mu oyilo. Mukazimitsa ntchitoyo isanathe, mawa imayambiranso, mkuja imayambiranso, dizilo akungounjikana. Makilomita pa dashibodi amaoneka ochepa koma oyilo wakalamba kalekale. Ndi chifukwa chake pa galimoto yotereyi sitidalira makilomita okha.

Choyamba, pezani labu ndi botolo musanafike tsiku la sevisi

Ambiri amakumbukira zoyezetsa oyilo atakhetsedwa kale ali m'chibeseni cha amakaniko, pamenepo basi mwachedwa. Yambani mwapeza kotumiza. Kuno kummwera kwa Africa kampani yodziwika pa ntchitoyi ndi WearCheck, likulu lake lili ku Durban ndipo ilinso ku Zambia ndi ku Zimbabwe. Ogulitsa makina a Caterpillar ali ndi pulogalamu yawo yoyeza oyilo yotchedwa S·O·S. Achimwene omwe muli ku America mumamva za Blackstone Laboratories ya ku Fort Wayne, Indiana. Njira yachidule kwathu kuno ndi kufunsa anthu oyang'anira mathiraki, mathirakitala a m'maesiteti kapena makina omanga misewu kuti masampulo awo amatumiza kuti, iwowa ndi omwe amachita zimenezi mwezi ndi mwezi.

Labu imakupatsani botolo loyera la mamililita pafupifupi 100, fomu, ndi chikontena kapena pepala la pulasitiki loikamo. Gwiritsani ntchito limenelo. Botolo la madzi akumwa, la mankhwala a chifuwa, la sobo, ayi ndithu, ngakhale mulitsuke bwanji. Makina awo amawerenga zinthu pa ppm, kutanthauza magawo pa miliyoni, ndiye kadontho kamodzi ka madzi kapena kafumbi kochepa kasokoneza lipoti lonse mudzayamba kumasula injini yopanda vuto.

Poitanitsa funsani ngati mtengowo ukuphatikiza kuyeza dizilo mu oyilo, mwaye, madzi ndi TBN, yomwe ndi mphamvu ya oyilo yolimbana ndi asidi. Malabu ena TBN amalipiritsa payokha. Pa galimoto ya timaulendo tatifupi zinayi zimenezi ndiye mutu wa nkhani, musatumize popanda izo.

Chachiwiri, lembani mbiri ya oyiloyo

Kabuku kakang'ono m'galimoto kapena noti pa foni. Tsiku lomwe munathira, makilomita a tsikulo, dzina ndi giredi ya oyilo, kaya ndi 15W-40 kaya 5W-30, ngati munasinthanso fyuluta, ndiponso malita onse omwe mwaonjezerapo pakati. Ngati galimoto yanu imaonetsa maola a injini lembaninso, ngati siionetsa yerekezani nokha, mwachitsanzo mphindi 40 m'mawa mphindi 40 madzulo masiku asanu pa sabata. Opanga magalimoto ena amawerengera ola limodzi injini ikulira galimoto itaima ngati makilomita pafupifupi 40, ndiye taganizirani maola omwe timataya pa mizere ya mafuta injini ili chilirire chifukwa cha eyakoni.

Komanso pothira oyilo watsopano sungani pang'ono m'botolo loyera n'kutumiza limodzi ulendo woyamba. Zimathandiza pawiri. Labu imadziwa poyambira, kenako mumadziwanso ngati chomwe munagula ndi chenicheni, poti oyilo wachinyengo m'zigubu zooneka bwino alipo pamsika.

Chachitatu, nthawi yotengera sampulo

Apa ndi pomwe anthu ambiri amaphonya ndipo ndikhalitsapo pang'ono. Sampulo imatengedwa injini ili yotentha, kuti zonse zomwe zili mu oyilo zikhale zosakanikirana osati zitadikha pansi. Koma katenthetsedwe kake kali ndi nkhani. Mukailiza m'mawa n'kuisiya pabwalo mphindi 15 kuti ifunde, mwaonjezera dizilo wosapsa mu oyilo nthawi yomweyo, lipoti lidzaoneka loipa kuposa momwe zinthu zilili. Mukatenga mutangofika kuchokera ku Salima kapena ku Mzuzu, chinyontho chaphwa, lipoti lidzaoneka lokoma kuposa moyo weniweni wa galimotoyo. Ife tikufuna chithunzi cha masiku onse. Ndiye sankhani sabata wamba, yendetsani pamsewu mphindi 15 kapena 20, imani pamalo osapendekeka, zimitsani, ndipo mutenge pasanathe mphindi 10 kapena 15. Ulendo uliwonse muzichita chimodzimodzi kuti malipoti azitheka kufananitsa.

Osaonjezera oyilo watsopano kutatsala masiku ochepa, amasungunula zonse manambala n'kutsika. Ndipo ngati mwaona kuti DPF ikuwotcha mwaye nthawi imeneyo, dikirani imalize.

Pa sampulo yoyamba musadikire makilomita 10,000. Ine ndimati tengani oyilo atayenda pakati pa 3,000 ndi 5,000, kapena atakwana miyezi itatu kapena inayi, chomwe chayamba kufika.

Chachinayi, katengedwe kake

Njira zilipo ziwiri. Yabwino ndi ya kapampu ka m'manja kokoka kudzera pa bowo la dipisitiki, malabu amagulitsa pamodzi ndi kapaipi kopyapyala. Ubwino wake simukhetsa oyilo, mumayeza kaye kenako n'kusankha ngati musinthe kapena ayi. Pukutani pozungulira bowolo musanasolole dipisitiki. Yezani kapaipi kutalika kofanana ndi dipisitiki, ikani chizindikiro, onjezerani kagawo kofikira pa pampu n'kudula. Cholinga n'choti nsonga ikhale pakati pa oyilo, isakagunde pansi pa sampu pomwe pamakhala matope. Mangirani botolo ku pampu, kokani pang'onopang'ono pampu ili choimirira kuti oyilo asalowe m'kati mwake, botolo likafika cha m'mapewa siyani, tsekani nthawi yomweyo. Kapaipi kagwire ntchito kamodzi basi, ulendo wina katsopano.

Njira yachiwiri ndi pa sevisi. Uzani amakaniko musanayambe kuti mukufuna sampulo, ndipo khalani pomwepo. Apukute bawuti ya sampu ndi pozungulira pake, amasule, oyilo woyamba atuluke kwa masekondi angapo chifukwa ameneyo amakokolola zinyalala za pansi, kenako ikani botolo pakati pa mtsinjewo. Woyamba ayi, wotsiriza wodonthadontha ayi, wa m'chibeseni ayi, wa mu fyuluta ayi. Valani magolovesi, oyilo ameneyu amawotcha zoona ndipo si wabwino pakhungu. Chivindikiro chisagwe pansi, ndipo ngati garaja yake ndi ya pabwalo mphepo ikuulutsa fumbi, tsekulani botolo pa sekondi yomaliza.

Chachisanu, fomu ndi kutumiza

Dzazani zonse. Mtundu wa galimoto ndi injini, makilomita onse, makilomita a oyiloyo, miyezi, giredi, zoonjezera. Pamalo a ndemanga lembani zoona: timaulendo tosakwana makilomita 10, kuima pa jamu, ili ndi DPF kapena ilibe, levulo ikukwera, madzi a mu radiyeta akuchepa kapena ayi, ngati injini inatsegulidwa posachedwa. Ngati munathirapo dizilo wa m'zigubu nthawi ya kusowa kwa mafuta nenaninso, palibe akakumangeni, woyezayo akufuna adziwe basi. Dzina lomwe mwaipatsa galimotoyo pa fomu, kaya ndi nambala puleti, lisamasinthe kuti malipoti onse azikhala pamzere umodzi. Mangitsani chivindikiro, ikani m'pulasitiki, auzeni a kampani yotumiza katundu chomwe chili m'katimo, ndipo tumizani sabata yomweyo.

Podikira lipoti pali timayeso tiwiri ta pakhomo. Donthezani dontho limodzi la oyilo wofunda pa pepala loyera lokhuthala, lisiyeni mpaka mawa osagunda pansi. Mukaona mkombero wowala wotambalala kunja kwa banga lakuda, kawirikawiri ndi dizilo, ndipo mukaona kadontho kakuda bii kothinana pakati osafalikira ndiye kuti oyilo watopa kunyamula mwaye. Kachiwiri, dontho pa chitsulo chotentha ngati chiwaya chakale, likathetheka muli madzi. Izi zimangokupatsani chithunzithunzi, manambala ndi a labu. Ndipo kuda kokha si umboni, oyilo wa dizilo amada tsiku lomwelo mwathira.

Chachisanu ndi chimodzi, kuwerenga lipoti

Lipoti limabwera ndi ndemanga ya woyeza pamwamba ndi manambala ambirimbiri pansi. Werengani ndemangayo koma musathere pomwepo.

Yambani ndi dizilo mu oyilo, amalemba fuel dilution, pa peresenti. Malabu amasiyana malire ake komanso opanga injini amasiyana, koma mwachidule pansi pa 2 peresenti palibe chodetsa nkhawa, pakati pa 2 ndi 5 yambani kutsatira bwino, kupitirira 5 oyiloyo achoke ndipo mufufuze gwero. Pafupi pomwepo pamakhala flash point, kutentha komwe nthunzi ya oyilo imayamba kugwira moto. Ya oyilo watsopano imakhala pamwamba pa madigiri 200, ya dizilo ili pansi kwambiri, ndiye nambalayi ikatsika kwambiri ikuchitira umboni nkhani yomweyo.

Kenako viscosity, kulemera kwa oyilo. Pa madigiri 100, oyilo wa giredi 40 monga 15W-40 ayenera kukhala pakati pa 12.5 ndi 16.3 cSt (muyeso wa kulemerako), wa giredi 30 monga 5W-30 pakati pa 9.3 ndi 12.5. Mukathira 15W-40 lipoti n'kubwera ndi 11, ndiye kuti wapyapyala mpaka watsika giredi, mabering'i ndi tebo sizikutetezedwa momwe ziyenera. Koma samalani apa, dizilo amapyapyalitsa pomwe mwaye umalemeretsa, ndiye ziwirizi zikakumana viscosity itha kuoneka ili bwinobwino oyilo ali woipa mbali zonse. Musaione payokha, muziiona pamodzi ndi dizilo ndi mwaye.

Mwaye amalemba soot. Ukamayandikira 3 peresenti pa makilomita ochepa chonchi pali chifukwa, kaya fyuluta ya mpweya yatsekeka, kaya EGR, kachipangizo kobwezera utsi wina mu injini, yadzadza, kaya mainjekita sakupopera bwino. Madzi akapitirira 0.2 peresenti labu imaika chizindikiro. Funso limakhala loti achokera kuti. Ngati ndi madzi okha, sodium ndi potassium zili pansi, ndi chinyontho cha timaulendo tatifupi, chija chimapanga zoyera ngati chambiko pansi pa chivindikiro cha oyilo. Koma sodium ndi potassium zikakwera limodzi ndiye kuti kulanti, madzi aja a mu radiyeta, akulowa, ndipo okayikiridwa ndi gasiketi ya hedi, kula (choziziritsira) ya oyilo kapena kula ya EGR. Imeneyi si yodikira mwezi uthe, kulanti amadya mabering'i msanga.

TBN ndi mphamvu yomwe yatsala mu oyilo yolimbana ndi asidi. Chinyontho chikasakanikirana ndi utsi wa m'injini chimapanga asidi, makamaka ngati dizilo wake ali ndi salufa wambiri. Fananitsani ndi ya oyilo watsopano uja munatumiza, ikatsika kufika theka yambani kukonzekera kusintha.

Tsopano zitsulo. Iron imachokera m'masilinda, pa kamushafuti ndi magiya a m'injini, chromium ku maring'i, aluminium ku mapisitoni, lead, tin ndi copper ku mabering'i. Copper akakwera yekha nthawi zambiri ndi kula ya oyilo chabe, koma akakwera pamodzi ndi lead pamenepo mverani. Silicon kwathu kuno ndi fumbi mpaka mutapeza umboni wina, makamaka akakwera limodzi ndi aluminium kenako iron ndi chromium n'kutsatira, ndiye kuti injini ikupuma fumbi ndipo likupala masilinda. Yang'anani fyuluta ya mpweya, mapaipi ake ndi zomangira, komanso chizolowezi chija chopopera fyuluta ndi kompuresa, chimaboola pepala timabowo tosaoneka ndi maso. Koma ngati amakaniko anamata sampu kapena kava ndi silikoni posachedwa, silicon amakwera popanda vuto lililonse, n'chifukwa chake ndinati mulembe pa fomu. Calcium, magnesium, zinc ndi phosphorus zisakuopseni ngakhale zikhale m'mahandiredi kapena m'masauzande, ndi mankhwala omwe opanga oyilo amaikamo dala.

Nambala ya chitsulo payokha siuza zambiri. Tiyerekeze iron yabwera 40 ppm. Pa makilomita 10,000 ndi 4 pa 1,000 iliyonse, pa makilomita 3,000 ndi kupitirira 13 pa 1,000 iliyonse, nkhani ziwiri zosiyana. Muzigawa choncho nthawi zonse. Injini yatsopano kapena yongomangidwa kumene imaonetsa zitsulo zambiri poyamba kenako zimatsika. Dziwaninso kuti makina owerenga ma ppm amaona tizidutswa tating'onoting'ono kwambiri tokha, zikuluzikulu amaziphonya, ndiye ngati labu ili ndi PQ index, yoyeza kuchuluka kwa chitsulo kuphatikizapo zidutswa zikuluzikulu, yang'ananinso imeneyo, ndipo pa sevisi ng'ambani fyuluta yakale muone ngati m'mapindo mwake muli zonyezimira.

Chachisanu ndi chiwiri, zochita lipoti likafika

Ngati dizilo ali pamwamba, sinthani oyilo ndi fyuluta kaye, kenako gwero. Pa galimoto ya DPF yambani ndi kayendetsedwe. Phunzirani kuzindikira ikamawotcha mwaye: malevu amakwera pang'ono mutaima, fani imalira, kumamveka fungo la kutentha, ndipo zikatero musazimitse, pitirizani kuyenda mpaka zitasiya. Kamodzi pa sabata ipatseni msewu mphindi 30 kapena 40 osaimaima, a ku Lilongwe ka Dedza kapena njira ya ku Mchinji, a ku Blantyre ka Zomba. Chinyontho chimachoka ndipo DPF imamaliza ntchito yake. Koma musanamizidwe kuti ulendo wautali uchotsa dizilo yense, dizilo ndi wolemera sauluka ngati petulo, wambiri amatsala mpaka mutakhetsa. Thiraninso oyilo woyenera DPF, wa phulusa lochepa wolembedwa ACEA C2 kapena C3 malinga ndi buku la galimoto yanu, chifukwa 15W-40 wamba wa mathiraki amatseka DPF msanga kenako imayamba kuwotcha pafupipafupi, dizilo n'kumachulukirachulukira.

Ngati ilibe DPF koma dizilo ali pamwamba, kayezetseni mainjekita, mwina ina ikudontha. Ndipo funsani za themositati, kavavu kotsekera madzi kuti asapite ku radiyeta mpaka injini itafunda. Ili ndi vuto lathu lenileni, amakaniko ena amaichotsa amvekere kuno kumatentha siifunika, zotsatira zake injini siifika pa kutentha kwake tsiku lonse, ndiye pa timaulendo tatifupi mwaphatikiza mavuto awiri. Ngati geji yanu imachedwa kukwera kapena imatsika mukamatsetsereka phiri, iyang'aneni.

Chizolowezi choliza galimoto m'mawa n'kubwerera m'nyumba kukamwa tiyi chisiyeni. Lizani, dikirani theka la mphindi kapena mphindi imodzi, nyamukani modekha, injini imafunda msanga ikamakoka. Pa mzere wa mafuta zimitsani. Dipisitiki muziiona sabata iliyonse pamalo amodzimodzi, ndipo levulo ikakwera kwambiri musayende nayo, injini ya dizilo itha kuyamba kumwa oyilo wake womwe n'kuthamanga yokha osamva kiyi.

Kenako bwerezani. Sampulo imodzi imangokuuzani za tsiku limenelo, yachiwiri ndi yachitatu ndi zomwe zimaonetsa komwe injini ikulowera komanso nthawi yanu yeniyeni yosinthira oyilo. Ngati pa makilomita 4,000 zonse zili bwino, ulendo wina yesani 5,000 kapena 6,000, osadutsa malire a makilomita ndi miyezi omwe ali m'buku, ndipo mutsegule tsamba lija la magalimoto ogwira ntchito m'malo ovuta chifukwa fumbi, kuima injini ikulira ndi timaulendo tatifupi zimagwera kumeneko. Ngati pa 4,000 dizilo wafika kale pa malire, ndiye nthawi yanu ndi imeneyo kapena kucheperapo, ngakhale sitika ya pa galasi inene zina. Oyilo wokhetsedwa musathire m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime, muikeni m'chigubu chotseka mukasiye kwa omwe amatolera.

Yanga ndinaisinthira ku miyezi osati makilomita, ndipo Loweruka lililonse imapita ku Dedza n'kubwerera. Levulo inasiya kukwera ngati kale. Sampulo yotsatira ndikufuna ndidzatenge kumapeto kwa Okutobala fumbi litafika pachimake, ndione silicon ngati fyuluta ya mpweya yomwe ndinaika ikugwiradi.